Ndinayendera nyumba ya lendi pa siwa

Ku Wusakile, komboni ya ku Kitwe, kuli msewu wina womwe mpaka lero azibambo akandiona amayamba kutsokomola pobisa kuseka. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala ine, bwenzi ndikugubuduka pansi.

Abwana anandisamutsa kuchoka ku Chipata kudzagwira ntchito m'sitolo yawo ya ku Kitwe. Ana anga awiri ndinawasiya kwa amayi, ine n'kumagona pansi kwa mnzanga wa kuntchito uku ndikufuna nyumba. Ndinkaganiza kuti n'zosavuta (munthu wa ku Chipata amaganiza kuti dziko lonse ndi Chipata). Koma ku Wusakile nyumba siigona yopanda munthu. Ukamva kuti pakuti pali malo, pofika upeza wina akupachika kale makatani. Kenaka dalaivala wa lole yomwe inanyamula katundu wanga anaimba foni kuti afika mawa, ndipo ngati ndilibe potsitsira, anditsitsira pamsewu.

Tsiku limenelo ndinazungulira mpaka mapazi kutupa. Mayi wina wogulitsa tomato anandimvera chisoni.

"Ba sisi, yendani kuseri kwa tchalitchi uko. Kuli bantu bakuka lelo, muzaona katundu panja. Endesani, bangakutangileni."

Nditamva zoti kuli anthu akusamuka, ndinathamangadi. Nditakhota, ndinaona nyumba ya kumigodi yokhala ndi mtengo wa mapeyala, ndipo panja panali masofa, tebulo, kabati, ngakhale wailesi yakanema. Mtima unangoti myaa. Pa masofapo panakhala azibambo achikulire angapo, ali duu. Ndinati awa atopa ndi kunyamula. Ndinawapatsa moni mwansangala, ndi dzanja m'mwamba, ngati ndikupempha mavoti.

Musandifunse, mwambo ndimaudziwa. Kwathunso pakagwa zovuta timatulutsa mipando kuti anthu apeze pokhala m'nyumba. Koma kwathu maliro amamveka uli kutsidya kwa msika. Apa panalibe kulira, panalibe nyimbo, tenti inali isanafike. Ndinadzamva pambuyo pake kuti banjali kutchalitchi kwawo salira mokuwa. Komanso ndinene zoona, munthu wosowa nyumba amaona zimene akufuna kuona.

Ndinavula nsapato pakhomo n'kulowa. Pabalaza panali mbee, amayi ochepa atakhala pamphasa atatsamira khoma. Mmodzi anandilonjera m'Chibemba kuti, "Mwaiseni mukwai," n'kundisunthira kuti ndikhale. Ine ndinathokoza, ndinati ndiyambe ndaona kaye.

Ndinayamba ndi kukhitchini. Ndinatsegula mpopi, madzi anatuluka, ndinaomba m'manja ndekha. Ndinalowa kuchimbudzi n'kugujumula kuti ndimve mphamvu yake. Ndinagogoda makoma. Nditabwerera pabalaza ndinamasula chitenje changa n'kuyamba kuyeza nacho zenera, kuti ndione ngati makatani anga akwana (amayi aja ankangonditsata ndi maso, ine n'kumati anthu a ku Kitwe ndi amanyazi). Kenaka ndinayang'ana kumwamba, n'kuona siling'i yothimbirira ndi madzi a mvula, pakona itagwa kale.

Apa ndiye pamene Satana anandibwereka pakamwa. Ndinkafuna kuti eni nyumba adziwe kuti sindine mlendo wopusitsika.

"Nyumba ni yabwino," ndinatero mokweza, manja m'chiuno, "koma bambo wa pano ni waulesi. Denga kudontha so, osakwerapo olo kamodzi?"

Mayi wina wachikulire amene anakhala pakona atafunda bulangete anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanena zoona, mwana wanga," anatero pang'onopang'ono. "Zaka na zaka nakhala nimuuza. Manje wathawa nchito. Wamwalira lelo kuseni."

Ndinagwada pomwepo, chitenje chili m'manja, pakamwa pakungotuluka "pepani, pepani" ngati wailesi yowonongeka. Ndinafotokoza za lole, za ana, za mayi wa tomato, zonse mosakaniza. Ndinkayembekezera kukokedwa kunja ndi khutu, ndipo ndikanavomera.

M'malo mwake mapewa a mayi uja anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka. Anaseka mpaka misozi, kenaka kusekako kunasanduka kulira kwenikweni, amayi ena n'kumugwira. Mng'ono wawo anandinong'oneza kuti chichokereni kuchipatala, mayiwa anali asanalankhule kapena kugwetsa msozi, ndipo onse anali ndi nkhawa.

Ndinafuna kuzemba, koma mayiwo, omwe onse ankawatchula kuti amake Yohane, anandigwira mkono.

"Muyenda kuti? Mwayendera nyumba, manje nkhalani. Ndimwe bakuti?"

Nditati ku Chipata, anati iwo kwawo ndi ku Katete, anabwera ndi amuna awo kalekale migodi ikadali migodi. Basi ndinamanga chitenje changa m'chiuno momwe chimayenera kukhalira, n'kupita kuseri kukathandiza kutsuka mbale ndi kudula kabichi. Nkhani inali itandipitirira kale. Aliyense wobwera ankalozeredwa ine, ndipo bambo wina anandifunsa mwaulemu ngati ndayesanso magetsi.

Nyumba ya anthu osamuka aja inali mumsewu wotsatira. Mmene wina ankapita kukandifunsira, inali itatengedwa. Ndinakhala pa ndowa kuseri kuja n'kuyamba kulira zanga, poti pamaliro palibe amene amakufunsa chomwe ukulirira.

Amake Yohane anandiitanitsa. Anati kuseri kuli kanyumba ka zipinda ziwiri komwe amuna awo ankasungiramo zitsulo zomwe ankati adzakonzera zinthu. Ana awo onse ali ku Ndola ndi ku Lusaka, ndipo maliro akatha aliyense abwerera kwake.

"Nyumba izankhala zii," anatero. "Nifuna muntu wokamba-kamba pafupi. Imwe mwapasa kale mayeso."

Mawa lake lole inafika anthu ali pakati pa kusonkhana. Dalaivala ataona tenti anafuna kubwerera, poganiza kuti wasochera. Azibambo omwe aja ndinawapatsa moni wa mavoti ndi amene anatsitsa katundu wanga, kutulutsa zitsulo za malemu, n'kundilowetsera bedi. Sindikudziwa ngati ku Kitwe kuli munthu wina amene anasamukira pamaliro. Ine ndinasamukira, ndipo ndinaperekeza nawo kumanda munthu amene sindinamuonepo, yemwe mawu anga oyamba onena za iye anali chipongwe.

Ana anga anabwera sukulu isanatsegulidwe. Akaweruka amafikira kwa agogo awo atsopanowa, ine ndikafika madzulo ndimapeza adya kale, asamba, akukangana za wailesi yakanema. Mumzinda womwe sindinkadziwa aliyense ndinapeza mayi, ndipo ndikaganiza mmene ndinamupezera, manyazi ndi kuthokoza zimandigwira limodzi.

Ndinaphunzira kufunsa pakhomo ndisanalowe m'nyumba ya eni. Pakamwa pokha sipanasinthe. Tsiku lina ndinawauza amake Yohane kuti ndayamba kudziletsa, ndizilankhula pang'ono ngati anthu ena. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndikangoyerekeza, ndikafune nyumba kwina.