Fufuza ndi Fufuta

Lolemba

Sabata ino ndikuikonza pulogalamu ija. Ndatsimikiza mtima!

A tcheya a gulu lathu la alimi a mpunga andipeza pakhonde la ofesi m'mawa uno. "Ikapanda kuphweka sabata ino, kompyutayi tizionera mpira." Sanaseke.

Sakunama. Pulogalamuyi ndinailemba ndekha nditangobwerako kusukulu ya makompyuta ku Lilongwe, ndipo ndinkayenda nayo modzitukumula. Sikirini yakuda bii, yopanda chithunzi, yopanda podina. Umalemba lamulo m'Chingerezi, iyo n'kukatenga yankho mu databesi, nkhokwe momwe muli mayina a alimi onse, minda yawo, ndi tsiku limene aliyense amalandira madzi a m'ngalande yochokera ku Bua. M'mawa uliwonse mlembi wathu, Mayi Asiyatu, amaifunsa kuti lero madzi ndi a yani, n'kulemba mayinawo papepala, n'kupatsa a Mwale otsegula zipata. Dzina likasowa papepalapo, munda suona madzi. Ndipo ino ndi nyengo yowokera.

Lero ndawapeza Mayi Asiyatu atapinda manja, maso pa sikirini. Ati kompyuta ikuganiza. Chiyambire m'mawa! Sikuganiza ayi. Aiwala kachizindikiro kakumapeto kwa lamulo, kadontho kokhala ndi mchira kunsi kaja. Ndiye iyo ikudikira iwo, iwo akudikira iyo, ngati mkamwini ndi apongozi ake atakumana pakamlatho.

Zoti ndichite:
— kadontho ka mchira kachoke
— malamulo onse akhale m'Chichewa
— ikakana, izinena chifukwa, m'Chichewanso
— munthu akalemba theka la mawu n'kudina batani la Tabu, izimaliza yokha
— ndisiye kudyera zitumbuwa pa kiyibodi

Pofika Lachisanu adzandiombera m'manja.

Lachiwiri

Kadontho kapita! Mauthenga onse ndawamasulira. Ndaitana Mayi Asiyatu kuti ayese. Alemba, aphonya chilembo chimodzi, kompyuta yayankha: WALAKWITSA. YAMBIRANSO.

Akankhira mpando kumbuyo pang'onopang'ono.

"Mwananga, ine ndili ndi zidzukulu. Chinthu chodya magetsi chizindiuza kuti 'walakwitsa'? Bola Chingerezi chija, chikamanditukwana sindinkamva."

Mfundo ali nayo. Masana onse ndili kalikiliki kuiphunzitsa ulemu. Tsopano ikuti: PEPANI AMAYI, ZIKUONEKA NGATI PENA PAKE PAVUTA PANG'ONO. Akondwa nazo kwambiri. Ndawaona akulakwitsa dala kuti iwapepesenso.

Cha kumadzulo a Mwale alowa, thalauza lopinda, matope mpaka m'mawondo, ndevu zili nyankhalala, kuti ayeseko nawo.

Nawonso aphonya chilembo, iyo yawaitana kuti "amayi".

Zazing'ono izi. Mawa ndikonza.

Lachitatu

Malamulo a Chichewa atheka: onetsa, lemba, sintha, fufuza, fufuta. Kukoma kwake kuwawerenga! A Chingerezi aja ndawachotseratu onse, asadzasokoneze anthu. Tabu nayenso akugwira ntchito: ulembe "one", udine, iyo imaliza "onetsa". Ndayesa mpaka chala kuwawa. Ndikumva ngati ndaphunzitsa mbuzi kuwerenga.

Za "amayi" ndachotsa. Tsopano aliyense ndi ACHIKULIRE. A Mwale akhutira.

Mayi Asiyatu apita kusikelo ndi mdzukulu, ndiye a Mwale akhala okha pampando. Akufuna kuona tsiku la madzi la a Kanyenda, mlimi wa kumapeto kwenikweni kwa ngalande. Alemba "fufu", adina Tabu, alemba dzina, adina Enta. Kompyuta yati: ZIKOMO ACHIKULIRE, ZATHEKA. Osaonetsa kanthu.

"Yaulemu, koma yopanda phindu," atero a Mwale akutuluka.

Ine ndili pafoni pakhonde, ndangowakwezera dzanja. Mwina kavuto kakang'ono. Ndiona mawa.

Lachinayi

Mayo ine!

Fufuza. Fufuta. Onse ayamba ndi "fufu", ndipo pamndandanda wa zilembo T amatsogola, Z ali kumapeto. Zinandidutsa bwanji? Kompyuta inasankha fufuta. A Kanyenda mulibe mu databesi. Dzina, munda, tsiku la madzi, zonse psiti.

Ndipo tsiku lawo ndi lero. Papepala la m'mawa sanatulukepo, chipata chawo sichinatsegulidwe, madzi apita kwa ena. A Mwale ati iwo amatsata pepala.

A Kanyenda afika masana, mbande za mpunga zili m'manja, zofota ngati ndiwo zogona. Aziika pa kiyibodi. Anazula dzulo madzulo ku nazale. Anaitanitsa abale awo kuchokera ku Mwadzama kuti adzathandize kuwokera, anapha nkhuku, anthu anafika, munda uli gwa.

"Wandifufuta ndani? Ndingomuona nkhope."

A Mwale aloza kompyuta. Mayi Asiyatu ayang'ana kudenga. Ine ndakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Sanakalipe. Angondiyang'ana n'kuti, "Bambo ako ndinkapita nawo kunyanja bwato limodzi," basi n'kutuluka.

Akanangokalipa.

Ndawalembanso. A tcheya alola kuti apatsidwe madzi Loweruka mwapadera. Mbande zija aziviika pamthunzi, mwina zipirira.

Sindigonja! Mawu awiriwa ndi okoma, sindiwasintha. Ndingoika mlonda: isanafufute kanthu izifunsa kaye, MWATSIMIKIZA, ACHIKULIRE? Nkhani yatha.

Lachisanu

Sinathe.

Mlonda uja ndinamukonza kuti azingoyang'ana chilembo choyamba cha yankho, anthu asatope ndi kulemba. Zimene ndaphunzira lero:
— ena amati eya, ena amati inde
— ena amati ayi, ena amati iyayi
— inde ndi iyayi amayamba ndi chilembo chimodzi
— a Nyirenda, mlangizi wathu wochokera cha ku Dwangwa, pokana amati "yayi"
— Y uja wa "Yes", wovomera wa Chingerezi, ndinaiwala kumuchotsa

A Nyirenda anangodzera pano kuti aone alimi a chigawo cha kumtunda. Alemba "fufu", Tabu, dzina la chigawo. Kompyuta yafunsa. Iwo aona mawu oti fufuta, adzidzimuka, alemba "yayi" mwamphamvu, chala chimodzi.

ZIKOMO ACHIKULIRE, ZATHEKA.

Chigawo chonse cha kumtunda chapita!

"Subhanallah," atero Mayi Asiyatu, akutola chikwama. Ndi nthawi yoswali Ijumaa. Ati andipempherera nanenso, ngakhale ndine wa tchalitchi, chifukwa zafika poti aliyense athandizepo.

A Nyirenda akungobwereza, "Koma nangukana ine!" Inde bwana, munakana.

Dikirani. Ndili ndi kope la databesi pa fulashi! Nzeru zanga zonse sizinathe. Ndalibwezeretsa msangamsanga, mayina abwerera mbwee. Ndisanaone bwino, magetsi thimu.

Palibe wandiombera m'manja.

Loweruka

Kope lija ndi la nyengo yatha.

Ndazindikira nditafika ku ofesi, pepala litapita kale. Madzi apadera a a Kanyenda mulibemo. M'malo mwake muli a Saidi. Malemu a Saidi, amene tinawaika m'manda mwezi watha, munda wawo uli thengo lokhalokha.

Njinga! Ndapalasa ngati ndikuthamangitsidwa ndi njuchi. Ndawapeza a Mwale ali chiimire, akuonerera madzi akulowa bwinobwino muudzu.

"Ndinadabwa nane," ati, "koma ndinati mwina kompyuta ikudziwa zimene ife sitikudziwa."

Tatseka cha malemu, tatsegula cha a Kanyenda. Pokoka chitsulo ndaterereka, ndalowa m'ngalande mpaka m'chiuno, nsapato imodzi yatsogola kumunda kwa a Kanyenda. Madzi afika dzuwa lili paliwombo. A Kanyenda ayenda m'mphepete, akusankha mbande imodziimodzi, zamoyo uku, zakufa uko. Milu iwiriyo ikufanana kukula. Abale a ku Mwadzama anabwerera kale kwawo. Owokera atsala awiri, iwo ndi akazi awo.

Ndapepesa. Angoti, "Hmm."

Masana: alimi a kumtunda pamzere pakhonde, aliyense kunena dzina ndi munda, kuti tikonze zimene zinasintha chichokere nyengo yatha. Mayi Asiyatu akulemba. Ine ndakhala pambali, nditafunda thaulo, ndatopa moti sindikutha ngakhale kulangiza. Ndikungoona. Mphuno yawo yatsala pang'ono kukhudza sikirini. Alemba chilembo, asuzumira, atsinzina diso limodzi, alembanso.

Ndawafunsa kuti kodi chimawavuta kwenikweni n'chiyani.

"Tizilemboti, mwananga. Ngati nyerere. Magalasi anga anasweka kalekale."

Ndadina mabatani awiri. Zilembo zakula.

"Eee! Ndiye kuti kadontho kaja kanalidi ndi mchira?" Ayi, kadonthoko ndinakachotsa Lachiwiri, amayi, chimenecho ndi chilembo J.

Mzere watha dzuwa lisanalowe. Sanalakwitse kupatula pamene amafuna kupepesedwa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndi nsapato za mchimwene wanga. Zothina.

Zimene zatsala pa ntchito ya sabata yonse:
— Tabu ndamuchotsa
— fufuta tsopano ndi chotsa, ndipo pofuna kuchotsa munthu uyenera kulemba dzina lake lonse kachiwiri
— zilembo zikuluzikulu
— ulemu ukhala, Mayi Asiyatu aletsa kuukhudza

Maganizo oika mitundu yowala pa sikirini ndawasiya. Yakuda yomweyo ili bwino.

A Kanyenda andiimitsa panjira pochokera kutchalitchi. Ati mbande zina apempha kwa anansi, zikwana. Ati mawa ndilawirire kumunda kwawo, ndipo ndisabwere ndi foni. Sindinawokerepo chichokere ku pulayimale. Msana wayamba kale kuwawa. Ndipita.

Masana foni yalira. Mayi Asiyatu. Ali ku ofesi, akuonanso mayina a kumtunda, ati tsopano ntchito ikukoma.

"Koma mwananga, ndikamaliza, potuluka mu pulogalamuyi ndizilemba chiyani?"

Ndawerenga malamulo anga pamtima. Onetsa, lemba, sintha, fufuza, chotsa. Lotulukira palibe. La Chingerezi ndinalichotsa, la Chichewa sindinaliike.

Ndatseka maso. Ndawauza kuti lero lokha angozimitsa pakhoma.

Ati ndi zimene akhala akuchita chiyambire Lachitatu.