Shedi ya Mpunga ndi Komiti ya Magetsi

Lolemba

Mapolo afika! Asanu ndi limodzi, pa thirakitala. Ndi mapolo akale a magetsi, amene anawazula mumsewu waukulu poika atsopano. Ndawagula poyera, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Akuda bii, akununkha phula. Chiswe chikangolawa chithawa chokha.

Cholinga: shedi ya mpunga. Mpunga wonse umene takolola ku Chinguluwe uli pabwalo, m'matumba, pansi pa lona wobooka. Chakudya chathu ndi fizi ya ana chaka chino zili m'matumba amenewo. Mkazi wanga, a Naphiri, akuyang'ana kumwamba, kenako ine. Akuti, "Mwera wayamba, abambo. Kamvula sikachedwa." Ndawauza kuti Loweruka mpunga ugona pansi pa malata. Ine ndikalonjeza ndalonjeza.

Zofunika: malata (alipo), misomali (ilipo), macheka (a alamu), mutu (wanga).

Lachiwiri

Tikukumba maenje ndi alamu anga, a Gervazio. Akuti mapolo atalika kwambiri, tiyambe tawadula ali pansi. Ayi. Munthu umaimika kaye, n'kudula pamwamba utaona msinkhu. Alamu anamangapo makola a nkhunda okha, sangandiphunzitse.

Pofika madzulo mapolo onse aima, aataliatali kuposa mtengo wa mango. Lina likadali ndi kachitsulo kake kojambulidwa chigaza. Ndakasiya, kakupatsa khomo ulemu.

Anjinga akuchepetsa liwiro podutsa. Mayi wogulitsa zitumbuwa waima, akufunsa: "Achimwene, kodi magetsi akubwera kuno?" Ndimati ndiyankhe kuti ayi, koma nkhope yake inali itawala kale. Ndangoti, "Tiona, mayi."

Si bodza limenelo. Tionadi.

Lachitatu

Ntchito yaima, alendo achuluka. Chikhalire m'mudzi muno palibe anandivulirapo chipewa, lero zipewa zikungovulidwa. Zimene zabwera:

nkhuku yoyera
chambo chowamba
chinangwa, dengu lodzaza
a Juma ometa tsitsi, kudzapempha malo pafupi ndi polo la chigaza

Sindinanene kuti magetsi akubwera. Sindinanenenso kuti sakubwera. Nkhuku tadya.

A Naphiri akuti mbuzi zakulitsa chibowo cha lona. Ndawakumbutsa kuti shedi ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa munthu wodziwa chochita.

Lachinayi

Pabwalo la mpira pabadwa Komiti ya Magetsi. Wapampando: ine, popanda wopikisana naye. Kunena zoona, asankha bwino.

Masana alamu akwera makwerero ndi macheka kuti tiyambe kudula. Azimayi ochokera ku mjigo atula ndowa pansi. "Mukudula chitukuko?" Alamu atsika mofulumira kuposa mmene anakwerera. Macheka tsopano ali kwa mlembi wa komiti, akuti asungidwe kaye.

Alamu akuti, "Alamu, auzeni anthuwa zoona." Ndiwauza mawa. Nkhani zoterezi zimafuna munthu wodziwa kuyala mawu, ndipo mwamwayi munthuyo ndine.

Lachisanu

Ndawauza. Ndaimirira pamsonkhano, ndakonza kukhosi, ndanena mosapsatira: mapolowa ndi a shedi ya mpunga, magetsi kulibe.

A Juma aimirira: "Ndiye mukufuna muziyatsa nokha eti?" Chiphokoso. Palibe akukhulupirira kuti munthu wamutu wake angagule mapolo a magetsi chifukwa cha mpunga.

A Chisale, amene mwana wawo amagwira ntchito ku Lilongwe, afotokoza kuti vuto ndi kaimikidwe. Mapolo onse aunjikana pakhomo limodzi, ndiye waya angafike bwanji kwa ena? Akuti amagetsi akaona mzere wolunjika kumsewu amadziwa kuti mudzi wakonzeka, ndipo amabwera okha.

Tavota zowazula. Manja ndawerenga ndine, monga wapampando. Wotsutsa: alamu okha. Ine dzanja linali litagwira cholembera.

Koma mapolo ndi anga kulikonse kumene angaime. Nkhaniyi ikazizira ndiwabweza.

Loweruka

Mudzi wonse pakhomo panga, ndi zingwe, makasu ndi nyimbo. Azula onse. Kaimikidwe ka mumsewu ndayang'anira ndekha, poti akanakhotetsa. Mzere wake wowongoka bwino kwambiri, ngakhale amagetsi enieniwo sangafikepo.

Tili pa polo lomaliza mwera wakula, kumwamba kwada, kamvula kayamba kuwaza. Ndathamanga. Ndapeza a Naphiri ndi alamu akukokera matumba m'nyumba, zovala zitamatirira m'thupi. Matumba amene anali pansi pa chibowo amwa madzi. Mbuzi imodzi yagwera m'dzenje la polo, ikulira.

A Naphiri angondilozera thumba loti ndinyamule. Bola akanakalipa.

Lamulungu

Mpunga uli kuchipinda, uli pabalaza, wonyowa uli pamphasa pakhonde. Ine ndagona chokhala pampando. Nyumba yonse ikununkha chinyontho. Malata atsamira khoma, pabwalo pali maenje.

Kutchalitchi abusa anditchula dzina, mpingo waimirira kuwomba m'manja. A Naphiri anali otanganidwa kufunafuna nyimbo m'buku.

Potuluka komiti yagwirizana kuti mawa wapampando apite ku boma akafunse za waya. Zoyendera: khomo lililonse lisonkhe mpunga, wapampando ayambe ndi thumba lathunthu, louma. Ndatsegula pakamwa kuti ndikane. Mayi wina wokalamba wandigwira dzanja, akuti babu anagula kale Lachinayi, walisunga m'sokosi kuti lisasweke. Ndatseka pakamwa.

Kunyumba a Naphiri asankha okha thumba louma, alimangirira panjinga. Andisitira malaya oyera, awapachika pamsomali. Kenako akuti, "Mukafika kumeneko, abambo, mukafunsenso ngati ali ndi kamalo kosungira mpunga."

Ndikafunsa.