Phazi Langa Losamva

Ngati mwadutsa kwathu ku Mtendere n'kumva ana akukuwa kuti "Kashuga! Kashuga!", musafunefune, akuitana ine. Dzinali ndinadzigulira ndekha, ndi phazi langa lakumanja.

Basisi Naomi, mkulu wanga, amagwira ntchito pa saluni. Zikhadabo zopaka utoto zinawatopetsa, ndiye anayamba kuphunzira kusamalira mapazi a odwala: nkhalamba, anthu a shuga, ndi aja chikhadabo chimamerera m'mnofu. Mayeso oyamba anagwa. Chowagwetsa? Anangofika n'kugwira chowengera zikhadabo, chizolowezi cha pa saluni, osayamba ayesa ngati phazilo likumva. Pajatu lamulo lake n'lakuti phazi losamva suwenga, umatumiza mwini wake ku kiliniki, chifukwa ukhoza kumucheka iye osadziwa, bala n'kukana kupola. Akanagwanso kachiwiri, maphunziro onse akanayambira pachiyambi.

Choncho mapazi onse a m'nyumba anasanduka sukulu. Atate anayamba kugona ndi masokosi. Ine ndinalibe kothawira.

Kuyesa ngati phazi likumva n'kosavuta. Umatsinzina, iwo n'kumakukhudza kuphazi ndi kaulusi kolimba ka nayiloni, ukamva umati "ee". Tsiku lina itafika nthawi yanga, ndinatsinzina. Kaulusi kanafika pachala chachikulu. Ndinakamva bwinobwino, koma satana wanga (ndili naye wangawanga, sitibwerekana) anandinong'oneza kuti khala chete.

"Wamvela?" anafunsa Basisi.

"Ah, mwayamba kale?"

Anakhudzanso pakati, kenako pachidendene. Kuseka kunali kutafika pakhosi, ine n'kumaluma lilime.

"Iwe, leka vamasewera. Apa?"

"Kulibe, Basisi. Monga phazi ni ya munthu wina."

Ndimafuna kuphulika pomwepo n'kunena kuti ndakugwirani, koma amayi analowa atanyamula zigubu zoti ndikatunge madzi. Basisi anawauza kuti mwanayu mwina ali ndi shuga. Amayi anatula zigubu pansi.

"Mwana wanga, gona. Manzi azatapa Naomi."

Anzanga, ndiuzeni, ndani akanaulula pamenepo? Ndinagona ngati bwana, phazi pa pilo, ndikuyang'ana Basisi akutuluka ndi zigubu. Ndinabuulako pang'ono kuti ntchito ioneke yaukatswiri.

Ufumu wanga unatha m'mawa mwake. Tiyi anabwera wopanda shuga. Zitumbuwa zinandidutsa pamphuno kupita kwa ena. Masana kunafika Bana Chanda, oyandikana nawo nyumba, ndi botolo la madzi a masamba owawa ngati ndulu.

"Imwa vonse. Bamuna banga vinabathandiza maningi."

(Amuna awowo anamwalira kalekale, koma sinali nthawi yofunsa mafunso.)

Ndinamwa. Kenako amayi a ku tchalitchi anabwera kudzapempherera phazi, aliyense kuligwira ndi zala zozizira, ine misozi ili mbwee chifukwa chogwira kuseka. Iwo anati taonani mwana wakhudzidwa mtima, n'kuwonjezera nyimbo ina.

Chomwe chinandisowetsako mtendere ndi Basisi. Anasiya kuwerenga. Ankangokhala pafupi n'kumasisita phazi langa, akudzida kuti chikhalirecho m'nyumba imodzi sanaone kanthu. Apa ndinaganiza zoulula, ndithu ndinaganiza. Koma nkhani inali itakula kuposa ine, ndipo lamba wa atate ndimamudziwa.

Mapeto ake tinakwera minibasi kupita ku kiliniki. Nesi anali mayi wamkulu wa magalasi, wa nkhope ya munthu amene waona ana asukulu ambiri odwala tsiku la mayeso. Anamvetsera Basisi akufotokoza zonse mwadongosolo, n'kugwedeza mutu.

"Mwachita bwino kumubwelesa. Iwe, vula nsapato."

Ndinakonzeka. Ndinadikira kaulusi, mano nditaluma. Koma mayiyo sanatenge kaulusi. Anapitiriza kucheza ndi amayi za fumbi la chaka chino, ine n'kumasuka, mwadzidzidzi anakoka cholembera kuchokera pachidendene mpaka kuzala.

Phazi losamva lija linauluka. Linamenya mbale ya thonje, mbale n'kugubuduka mpaka pakhomo, ine ndikukuwa ndi kuseka ngati nkhuku yoikira. Mzere wonse wa odwala unasuzumira.

"Aleluya, wapola," anatero nesi, osamwetulira n'komwe. "Manje leta chala, tipime shuga."

Anandibaya ndithu. Ndikukhulupirira kuti anasankha singano yaikulu dala. Shuga ndinalibe. Khutu langa lakumanzere ndi lomwe linandiperekeza mpaka pokwerera basi, lili m'manja mwa amayi.

Basisi sanandilankhule mpaka tsiku la mayeso. Madzulo ake analowa akuvina, nsapato zili m'manja. Akuti kumayesoko anawapatsa gogo wina amene phazi lake silinkamvadi. Iwo anayesa, anayesanso, n'kuika chowengera pansi, n'kunena kuti awa ndi a ku kiliniki. Woyesa anangoti wakhoza.

"Mwaona?" ndinatero. "Nine ninakuphunzisani. Pa satifiketi balembepo na zina yanga."

Anandiponyera nsapato, koma akuseka.

Amayi akuti ndaphunzirapo kuti bodza lili ndi malipiro. Zoona, ndaphunzira. Ndaphunzira kuti chondigwetsa chinali kugirigishika, ndiye masiku ano ndikaweruka kusukulu ndimakhala kuseri kwa nyumba ndi nthenga ya nkhuku, n'kumadzikanda kuphazi. Nanenso ndikukonzekera kubwereza mayeso.