Thumba la Tsitsi la Anthu

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika kwathu ku Kakumbi, pali amuna ena amene amafulumira kuvala chipewa. Sindiwaimba mlandu.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kutsuka magalimoto onyamula alendo okaona nyama. Madzi otsukira injini, akuda bii ndi oilo, ankatsata ngalande mpaka kudimba la amake Tisa, mayi wamasiye amene akulera ana ndi repu ndi tomato. Tsiku lina anandiitana n'kundionetsa mbewu zitafota, madzi a m'chitsime chawo akunyezimira pamwamba.

"Njovu zimadya n'kupita," anatero modekha. "Koma oilo wanuyu amabwera tsiku lililonse."

Mawuwo anandilasa. Ndinayamba ndi makoko a mtedza: kuthira m'thumba, kutchinga ngalande. Mbuzi zinang'amba thumbalo. Mankhusu a mpunga anangoyandama n'kupita limodzi ndi oilo. Kenako mlamu wanga, mphunzitsi ku Jumbe, anandiuza kuti tsitsi la munthu limagwira mafuta n'kusiya madzi adutse. (Mmene munthu angalipezere osaipitsa dzina, sananene.)

Ndinapita kwa a Mwale ometa.

"Mukuti ndizikusungirani tsitsi la anthu?" anafunsa atazimitsa makina.

"Thumba limodzi basi. Koma musauze munthu."

Ndinkangoopa kusekedwa zikakanika kachitatu. Sindinaganize mmene mawuwo akumvekera.

Thumba litadzaza ndinalimanga panjinga, ndipo linasankha kuphulika pachipata cha tchalitchi, Lachinayi, amayi a chigwirizano akutuluka. Tsitsi mbwee mumsewu. Mayi wina anawerama, natola imvi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Izi n'za amuna anga." (Anazizindikira bwanji, sindidziwa.) Apongozi anga analinso pomwepo.

"Atate a Mwiza," anatero, "mwayamba kufuna chuma ndi mitu ya anthu?"

Chimene chinandipweteka kwambiri si manyazi anga ayi. A Mwale, munthu wosalakwa, anakhala sabata ziwiri akungopirikitsa ntchentche pampando wopanda wometedwa.

Choncho Lamlungu, mapemphero atatha, ndinabweretsa beseni la madzi a oilo ndi sokosi yakale yodzaza tsitsi. Ndinaiviika, kuizunguliza, kuitulutsa ikudontha zakuda. Madzi anatsala ombuu, koma kunyezimira kuja kunatha. Mkulu wina wa mpingo anasuzumira kwa nthawi, nagwedeza mutu.

"Zagwiradi ntchito," anatero. "Ndiye kuti mankhwala ake ndi amphamvu."

Ena anamvetsa, ena ayi. Ndinatchinga ngalande ija ndi thumba la tsitsi, ndipo repu wa amake Tisa anaphukanso. Anthu anabwerera kwa a Mwale, ngakhale ena amasesa tsitsi lawo n'kupita nalo kwawo m'kapepala.

Ndinaphunzirapo kuti chabwino ukachichita mobisa, anthu amachipatsa okha dzina, ndipo dzinalo silichoka ndi sopo. Pano ndamva kuti nthenga za nkhuku nazo zimagwira oilo. Ndayamba kale kuzifunsa pamsika, koma ulendo uno ndikufunsa mokweza mawu, masana, mkazi wanga ali pambali.