Nambala ya pa Mita ndi Mtedza wa Adona

Lolemba
Mita ya madzi ikusonyeza 10,007. Abwana, munthu wa ziwerengero ku boma, aima pamenepo n'kumwetulira: "Madala, nambala iyi sigawika. Pawiri, patatu, pangati, pamatsala kanthu." Ine ndati palibe chosagawika. Kwathu ku Mitundu tinagawana mbuzi imodzi mabanja naini. Iwo: "Izi n'za kusukulu." Mawu omwewo a mphunzitsi amene ananditulutsa Sitandade 4! Tapangana. Ndikaigawa milu yofanana, osatsala kanthu, abwana athirira okha kapinga m'malo mwanga sabata yonse, Area 47 ikuonerera.

Lachiwiri
Ndabwereka mtedza wa adona. Zida: mphasa, lichero, khala lolembera pakhoma. Kuwerenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Yakwana 10,007! Msana ukulira, maluwa afota, koma nambala ija tsopano ili pamphasa panga.

Lachitatu
Milu iwiri. Watsala umodzi. Umenewo ndi basela! Ku msika wa Lilongwe aliyense amadziwa kuti chotsala pamulu n'cha wogula. Ndathamanga kukanena. Abwana: "Masamu alibe basela." N'chifukwa chake ophunzira ndi ouma manja. Milu itatu, yatsala iwiri.

Lachinayi
Milu inayi: yatsala itatu.
Milu isanu: iwiri. Nambala ikutopa!
Milu sikisi: isanu. Kuphupha kwa nkhuku yodulidwa khosi, basi.
A Nachisale ophika: "Madala, mwayamba kuombeza ula pantchito?" Asekeretu.

Lachisanu
YAGAWIKA! Milu seveni, uliwonse 1,429, pamphasa mbee! Ndawerenga kawiri. Ndavina pakati pa kapinga, chipewa m'manja. Paipi ndaikulunga bwino n'kuiika pakhonde la abwana. Mphunzitsi uja akadakhala moyo ndikadapita wapansi kukamuonetsa. Zaka makumi asanu ndikutchedwa mutu wa dzungu!

Loweruka
Abwana atuluka ndi foni, adinadina. "1,429 kaseveni ndi 10,003. Inayi ili kuti?" Ndati khoswe. Ndati mphepo. A Nachisale ali pawindo: "Dzulo m'mawa nsagwada zanu zimayenda, madala." Sindikukumbuka. Koma dzanja lokulira kumudzi likagwira mtedza limadziwa lokha njira ya kukamwa. Ndabwezera inayi, ndagawanso. Yatsala inayi yomweyo, ikundiyang'ana.

Lamulungu
Ndimafuna kuyesa milu leveni tikaweruka kutchalitchi. Ndapeza adona atenga mtedza wawo, a Nachisale ausinja. Nsinjiro zathiridwa mu nkhwani, tagawana anthu asanu, mumphika simunatsale kanthu. Ndauza abwana kuti onani, yagawika. Iwo akuti za mumtondo siziwerengedwa. Paipi aibweza okha pakhomo panga, atainyamula ndi manja awiri. Ndikuthirira. Mita yafika 10,008, nambala yofatsa, ngakhale mwana angaigawe.