Zikomo Bambo Mfumu, Koma Mundibwezere Simbi Yanga

Kwa Bambo Mfumu a parishi yathu ija,
kudzera pa bolodi la pakhomo la tchalitchi, pomwe mumamata maina a ofuna ukwati.

Bambo wolemekezeka,

Ndagwada. Ndagwada papepala pano, poti mawondo enieniwo anapuma pantchito. Ndine Naphiri, telala wa pakhonde la sitolo ya a Shabbir ku Area 2, amene ndinachapa ndi kusita nsalu za paguwa ndi mikanjo yanu zaka 26. Mwina dzinalo simukulidziwa, chifukwa inu mumangonditchula kuti "mayi a nsalu". Palibe kanthu, ndine yemweyo.

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, komanso ndikulemba mothamanga ndi chimwemwe. Eee, Bambo, ndikanakhala mwana bwenzi ndikugubuduka m'fumbi! Lachiwiri lapitali kunabwera a Maynard, apampando a khonsolo ya parishi, pa chigalimoto chawo chija mpaka pakhonde langa. Munthu wogwira ntchito ku Capital Hill, kudzaima pakati pa zidutswa za nsalu chifukwa cha ine! Akuti mwandimvera chisoni. Patatha zaka zitatu ndili woimitsidwa, mwandilola kuyambanso kulandira Ukalistia. Chofunika akuti n'chochepa: Lamulungu likubwerali, zolengeza zikatha, ndiimirire kutsogolo ndipepese kwa mpingo wonse pa zomwe ndinachita pa ukwati wa Marcelina. Atatsala pang'ono kutseka chitseko cha galimoto anakumbukiranso kanthu kena kakang'ono, kakuti Ambuye Episkopi akubwera mwezi wamawa kudzalimbitsa ana, ndipo nsalu za paguwa zasanduka zachikasu ngati nsanza zopukutira mbale.

Ndiye ndati poti kupepesako mukufuna kukhale kwa pagulu, nakonso kuthokoza kwanga kukhale kwa pagulu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chitenje cha jubili yanu ya unsembe, chija chili ndi nkhope yanu. Kwa amene sakudziwa, Marcelina ndi mwana wa malemu mlongo wanga, ndinamulera ine kuyambira ali ndi zaka 6. Atakula anakondana ndi Daudi, Msilamu woyendetsa lole ya simenti. Ndinalira. Ndinachita novena katatu, ndinawaza madzi odalitsa pa pilo yake, ndinabisa mendulo pansi pa matiresi. Mwana amangodzuka chikondi chitawonjezekera. Tsiku la ukwati ndinaganiza nzeru: ndipite, ndikaonetse Asilamuwo kuti mwanayu akuchokera kwa anthu opemphera. Ndinavala chitenje chanucho. Ndinati ndikakhala pakona phee, nkhope yakugwa ngati Lachisanu Loyera. Koma Bambo, nyimbo zija! Ataitana azakhali a mkwatibwi kuti adzafupe, chiuno chinaiwala katekisimu yense. Ndipo ine, telala wa zaka zonsezi, sindinayang'ane pomwe nkhope yanu inagwera pomanga chitenje. Inagwera kumbuyo, pakati penipeni. Wina anajambula pa foni. Vidiyoyo ndinaiona, ndipo ndinene zoona, munavina bwino. Magalasi anu uku, magalasi anu uko, simunaphonye ng'oma ngakhale kamodzi. Pofika Lolemba munali mutavina m'miphakati yonse.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha khonsolo yanzeru. Atandiitana, za chitenje palibe anatchula, onse amangoyang'ana pansi ataluma milomo. Mlandu akuti unali kuvomereza ukwati wa kunja kwa Mpingo. Chiweruzo anawerenga a Maynard, ndipo munasankha munthu woyenera, wodziwa bwino za maukwati, poti iwo ali ndi khomo ku Area 9 ndi lina ku Area 47. Yunifolomu za ana a makomo onse awiriwo ndimasoka ine, miyezo ndili nayo m'mutu. Iwo amalandira Ukalistia oyambirira, kuchokera pa benchi ya kutsogolo. Ine ndi umbuli wangawu ndimaona ngati tchimo limangokhala tchimo, kaya wabwera nalo pa minibasi kaya pa galimoto yako. Munandiphunzitsa. Anandilanda kiyi wa chipinda chovalira ansembe, akuti manja anga asakhudzenso zoyera. Anandichotsa pa gulupu ya pafoni ya mphakati. Kenaka anandikumbutsa mwachikondi kuti ndikafa ndili chonchi, Misa sipadzakhala, kwaya sidzabwera.

Chachitatu si cha inu kwenikweni, n'cha uchitsiru wanga, koma poti munauthirira ndinu, landiraniko zikomo. Mawu a maliro aja ndi amene anandithyola. Ine Bambo ndinali nditasoka kale diresi yanga yoyera yodzagonera, ili m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Nyimbo ndinali nditasankha kale, ndi woyambitsa yemwe, poti Joy wa mu kwaya amayamba m'mwamba kwambiri, ndinkafuna ayambitse wina. Ndiye kumva kuti ndidzapita chete ngati nkhuku ya chitopa? Ndinati ayi, ndionetse khonsolo kuti ndalapa. Ndinamukana Marcelina. Zaka ziwiri. Akaimba foni ndimangoiyang'ana mpaka ileke kulira. Tsiku lina anabwera pakhonde ndi nyama ya pa Idi. Ine ndinaweramira pa makina n'kumapondaponda ngati ndatanganidwa, chonsecho mu singano munalibe ulusi. Anaima kanthawi, anati, "Azakhali, ndine," n'kusiya jumbo pansi, n'kumapita. Nyamayo ndinadya, ndisaname, koma ndinadya nkhope itakwiya kuti Mulungu aone mbali yomwe ndili.

Lamulungu lililonse ndimagwada kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anzanga akandanda kukalandira, ine kumangomeza malovu. Ndikakweza maso n'kuona nsalu za paguwa zili makwinyamakwinya, mtima umandiwawa kuposa za mwana wanga. Tangoganizani! Ndinkakhulupirira ndithu kuti Mulungu amakhala m'nsalu zija, ndipo kuti ndikawongola makwinya ake, Iyenso adzawongola anga. Katatu ndinabwera ku ofesi yanu kudzafunsa kuti chilango chitha liti. Katatu munati, "Tikuiona nkhani yanu, mayi a nsalu, pitirizani kupemphera." Ine kutuluka ndikuwomba m'manja.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mphakati wosunga malamulo. Chaka chatha nthawi ya mvula ndinagwa m'bafa kunyumba kwanga ku Mchesi. Magazi anakwera, mwendo ndi dzanja la kumanzere zinakana. Aneba anaimbira amphakati. Iwo anayankha kuti ayambe akafunsa kaye ngati munthu woimitsidwa amaloledwa kuzondedwa ndi gulu. Ndikhulupirira akufunsabe. Aneba ataona choncho anaimbira Marcelina. Amene anafika ndi Daudi, ndi lole yake, thupi lonse lili mbuu ndi simenti. Anandibereka kumsana, ine chimayi cha makilo 90, kudumpha nane matope mpaka kumsewu. Ndipo mukudziwa zomwe ndimachita ndili kumsanako? Ndimanong'ona Tikuoneni Maria kuti Chisilamu chisandilowe kudzera m'malaya ake. Ndi mmene ndinalili wochenjera.

Kuchipatala ndinakhala masabata asanu. Marcelina, ali woyembekezera, amagona pa katoni pansi pa bedi langa. Kundisambitsa iye, kunditembenuza iye, zina sindingalembe pa bolodi la tchalitchi. Ndimadikira kuti atchule za zaka ziwiri zija. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinati, "Iwe, bwanji osandikalipira?" Anati, "Azakhali, tsegulani pakamwa, phala likuzizira." Nanunso Bambo ndisakuiwaleni, munabwera. Munadutsa mu wodi yathu popita ku chipinda cholipira kukadzoza mayi a bwana wina. Ndinakweza dzanja lomwe limagwiralo, inu munandidalitsa mukuyenda. Kolala ya malaya anu inali yopindika. Ndinaiona, ndipo kwa nthawi yoyamba sinandikhudze.

Chachisanu, zikomo pondipatsa Lamulungu. Sindimadziwa kuti ndi tsiku lalitali chonchi. Panopa ndikukhala kwa Marcelina ndi Daudi. Lamulungu loyamba lomwe ndinajomba Misa ndili wokhoza kuyenda, ndinakhala m'nyumba kutali ndi zenera kudikira mphenzi. Kunja kunangowala bwinobwino, tiyi anabwera, ndinamwa. Koma ndisakunamizeni kuti zinali zophweka. Ndinalira miyezi. Belu likalira kwinakwake, miyendo imadzuka yokha, ine n'kuikhazika pansi. Munthu ukapereka moyo wonse n'kuzindikira kuti amene umawatumikira amafuna simbi yako osati iwe, umasowa koyang'ana. Kolona ndimachitabe, zala zinazolowera, ngakhale sindikudziwa ngati amene ndikuyankhula nayeyo ndi yemwe uja wa ku khonsolo. Ndikuona ngati ayi, uyu sapsa mtima msanga. Nthawi ya Daudi yopemphera ikakwana amayala mkeka wake, ine kolona yanga, palibe amaitanitsa msonkhano.

Anthu akufalitsa kuti ndalowa Chisilamu. Ayi. Nkhumba yokha ndiyo ndinasiya chifukwa cha ulemu wa pakhomo, ngakhale ndikadutsa pa chiwaya mtima umakumbuka. Anabweranso azimayi a kwa mneneri wina ndi mafuta awo a m'kabotolo, akuti ndikalandire chozizwitsa. Ndinawauza kuti pepani anzanga, ndangotuluka kumene m'manja mwa azibambo a mikanjo, mundisiye ndipumeko ndisanalowe m'manja mwa azibambo a masuti.

Tsono gwirani mpando, Bambo, chifukwa chimwemwe chenicheni ndi ichi. Mwezi wa Meyi Marcelina anachira, mwana wamkazi! Bambo ake anamutcha Suhaila, kenaka anati dzina lachiwiri apereke azakhali. Ine! Yemwe uja wopondaponda makina opanda ulusi! Ndinati Thoko. Ndinaimba nthungululu mpaka anamwino ananditulutsa panja. Masaya ake mutawaona, mukhoza kuiwala ulaliki.

Ndiye za Lamulunguzo. Ndaganiza ndithu ndi mutu wanga wa Sitandade 4. Ndikaima kutsogolo n'kunena kuti ndinalakwa kuvomereza ukwati uja, ndiye kuti ndikunena kuti Thoko ndi cholakwa. Ndamuyang'ana mbali zonse pomusambitsa, mpaka pakati pa zala za kumapazi, cholakwacho sindikuchipeza. Kupepesa ndinapepesa kale, kwa Marcelina, ndi bondo limodzi lomwe limapindalo, ndipo iye sanaitane gulu kuti lidzamvere. Kwa inu ndili ndi chopepesa chimodzi chokha: ndinakuvinitsani osakupemphani. Pepani.

Za kwaya ya pamaliro anga musavutike nazo. Diresi yoyera ija ndinaidula kale, yatuluka matewera khumi ndi awiri, nsalu yake yabwino zedi. Daudi wati tsikulo likadzafika adzandinyamula yekha, ndipo ameneyo ndamuona kale kunyamula kwake.

Pomaliza, mwaulemu wonse, kapempho kanga ndi aka. M'kabati ya m'chipinda chovalira ansembe, kuseri kwa makandulo a Pasaka, muli simbi ya makala, yokhala ndi katambala pachotsekera. Si ya parishi. Inali ya malemu mayi ake a Marcelina, ndinabwera nayo ine poti magetsi amangozimazima ndipo sindimafuna kuti mulowe pa Misa ngati mwagona mu mkanjo. Tsiku londilanda kiyi ndinachita manyazi kuifunsa. Pano ikufunika. Matewera tikuyanika panja, ndipo mukudziwa ntchentche za kuno, zikaikira mazira mwana amatuluka mphutsi pakhungu. Pamafunika simbi yolemera, yotentha bwino. Musade nkhawa kuti yatsika udindo. Kuno izisita za munthu woti akaipitsa amalira mokweza aliyense n'kudziwa, sabisa pansi pa nsalu yoyera.

Nsalu zanuzo n'zosavuta. Muziviike usiku umodzi, sopo, kabuluu pang'ono, kenaka dzuwa. A Maynard ali ndi makomo awiri, manja ochapa sangasowe.

Simbiyo mungoisiya pageti kwa alonda. Daudi adzaitenga Lachisanu akamachokera kumzikiti. Akadzakupatsani moni mumuyankhe, Bambo, Chisilamu sichilowa kudzera m'malaya. Ndinayesa ine.

Ndine wanu wokondwa mpaka mano onse panja,

Naphiri,
mayi a nsalu opuma,
panopa agogo ake a Thoko.