Madzi Anazizira Ine Ndili Chigwadire

Jekete langa lakuda la ku tchalitchi lili ndi chigamba m'khwapa. Ana anga akufuna kundigulira lina. Ndakana. Chifukwa chake sindinawauze, ndipo pamaso sindidzawauza. Awerenge pano ngati ena onse.

Ndine mkulu wa mpingo ku Kabwata. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi kwathu ku Katete, koma pa pemphero sindigonjera munthu wa madigiri. Ndikaimirira kuti ndipemphere, amayi amayamba akhazika bwino makanda awo, podziwa kuti ulendo ndi wautali. (Ine ndinkati ndi ulemu.)

Mnzanga ndi a Zulu. Tinabwera ku Lusaka pa lole imodzi, tinapala matabwa pamalo amodzi mpaka imvi. Mwana wanga woyamba atamwalira, ndi a Zulu amene anakhoma bokosi ndi manja awo. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, mawu amatuluka movutika. Akazi awo anatsogola kale. Amakhala ku Chelstone ndi mwana wawo wamkazi, Misozi, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni.

Lachitatu lina m'mawa Misozi anandiimbira foni. "Ba tate, bwelani. Nifuna thandizo."

Ndinasita malaya oyera, ndinamanga tayi, ndinavala jekete, Baibulo m'manja. Minibasi ziwiri, ya m'tauni ndi ya ku Chelstone. Njira yonse ndinkasankha vesi.

Misozi anandilandira atagwada, nanditengera kuchipinda cha atate ake. Fungo linandipeza ndisanalowe. Pambali pa bedi panali kampando, pamwamba pake beseni la madzi otentha, sopo, thaulo ndi lezala. Mtsikanayo anaima pakhomo, maso pansi.

"Usiku banaonongela pa bedi," anatero. "Kumaso na manja nabapukuta. Kwina uku ine ndine mwana mkazi, siningafikeko. Ba Tembo bamene babwela kubasambika, foni yao siipita."

Ndisaname kuti sindinamve. Ndinamva zonse. Mwambowo ndimaudziwa kuposa iye: mwana wamkazi saona umaliseche wa atate ake. Ankafuna manja a munthu wamwamuna, ndipo anaitana mnzawo wa atate ake. Tembo amene anamutchulayo ndinkamudziwanso. Amakankha wilibala ku msika wa Soweto. Ndine ndinaimirira pa bwalo la akulu a mpingo kuti aletsedwe Mgonero chifukwa cha mowa.

Ndinayang'ana beseni. Ndinayang'ana manja a malaya anga oyera.

"Mwana wanga," ndinatero, "zonse zimayamba ndi pemphero."

Misozi anatseka chitseko.

A Zulu atandiona anakokera bulangete m'mwamba ndi dzanja lamoyolo, kubisa zimene zinali zosabisika. Ine ndinagwada pa simenti. Ndinawerenga salimo lonse. Ndinaimba nyimbo, ndime zake zonse zisanu. Kenaka ndinatsinzina.

Ndinayambira kwa Adamu, monga mwa chizolowezi changa. Ndinadutsa kwa Abrahamu, ndinatulutsa Aisraeli ku Ejipito. Ndinapempherera boma, mvula ya kum'mawa, achinyamata a m'mabawa. Ndili mkati ndinamva a Zulu akukoka mkono wa jekete langa. Ndinagwira dzanjalo, ndinalitsendereza pa bedi, ndinakweza mawu. Pomaliza ndinapempha Mulungu kuti atumize munthu wothandiza nyumba imeneyi. (Ndinapemphadi zimenezo, ndili ndi manja awiri athunthu, beseni lili pafupi ndi khutu langa.)

Nditati Ameni, wina anavomera kumbuyo kwanga.

"Ameni, akulu a mpingo."

Anali Tembo, kapusi m'manja, matope a ku Soweto mpaka m'akakolo. Foni yake inali itazima. Atayiyatsa n'kuona kuti Misozi waimba kangapo, anasiyira mnzake wilibala n'kukwera minibasi. Anandipeza ndili ku Nyanja Yofiira, ndipo anaima pakhomopo atatsinzina, kudikira kuti ndiwoloke.

Ndinati ndidzuke mwaulemu wa mkulu wa mpingo. Mawondo anakana. Ndinayesanso, anakana. Ndinagwira kampando kaja kuti nditsamirepo podzuka. Kampando kanapendekeka, beseni linanditsanukira kuyambira m'khosi. Madzi anali atazizira ngati a m'chitsime. Ndinaterereka pa sopo n'kugona cham'mbali, dzanja limodzi m'mwamba kupulumutsa Baibulo.

Tembo sanaseke. Akanaseka ndikanapeza pomudzudzulira. Anandigwira m'khwapa n'kundinyamula ngati thumba la anyezi, jekete n'kung'ambika kuti phwee. Anandikhazika pampando.

"Khalani apa, atate. Misozi! Teleka madzi ena."

Madzi atabwera Tembo anapinda manja a malaya ake, anavundukula bulangete, nkhope osakwinya. Ndinamununkhiza ngati wamwa. (Inde, ndinamununkhiza. Kafungo kanalipo, ka dzulo lake.) Iye anali pa ntchito, pakamwa posatseka.

"A Zulu, ndevu zonsezi mukufuna kuopseza nazo ndani? Kapena mwapeza mbeta muno m'Chelstone? Tembenukani, mdala. Pang'onopang'ono. Basi, mwatha inu, mawa tikupezani mukumenya bola pa bwalo."

Kenaka ananditembenukira. "Atate, gwirani phewa ili asagwe."

Ndinagwira. Chiyambire matendawo kanali koyamba kukhudza thupi la mnzanga kupitirira chanza. Linali lopepuka ngati thabwa louma. Kumsana kunali zilonda ziwiri zimene sindinkazidziwa, ine amene ndinkabwera mwezi ndi mwezi kudzapemphera. Ndinayang'ana dzanja lakufalo lili lende. Ndi lomwe linagwira hamala pa bokosi la mwana wanga.

Titamaliza, a Zulu ali mu zovala zoyera, ndinawatsanzika. "Ndapita, a Zulu." Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinabwereza. Sanayankhe. Tembo atati akupita, anamukwezera dzanja.

Ndinabwerera ku Kabwata nditavala juzi la a Zulu, jekete lili m'pepala la pulasitiki likudontha. Potsika minibasi ndinakumana ndi mayi wina wa mu mpingo. Anayang'ana buluku langa lonyowa n'kufunsa ngati ndalowa mpingo wobatiza mumtsinje. Za iye sindinasamale. Chinandisowetsa mtendere sabata yonse ndi khoma lija. Ndinaona kuti a Zulu akhoza kumwalira asananditembenukire, ine n'kukaima pamanda pawo ndi pemphero lalitali, anthu n'kumati anali mnzawo weniweni.

Lachitatu lotsatira ndinapitanso. Wopanda tayi, malaya a manja aafupi. Misozi ananditsegulira, nayang'ana m'manja mwanga kufuna Baibulo. Linali m'thumba.

"Teleka madzi," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Muzakwanisa, ba tate?"

"Ndati teleka madzi."

Sindinakwanitse bwino. Ndinawalowetsa sopo m'diso. Ndinanyowetsa matiresi. Powameta ndinawacheka pachibwano, ine mmisiri amene sindinalakwitsepo mzere pa thabwa. A Zulu anapirira zonse maso ali kudenga. Nditawaveka malaya n'kumanga mabatani (ndinayamba ndaphonya limodzi), ndinakhala pampando, thukuta kamukamu.

"A Zulu," ndinatero, "ndinakulakwirani."

Ndinadikira. Kunja galimoto ya zinyalala inadutsa.

"Tipemphere?"

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso athu anakumana. Anaimika chala chimodzi cha dzanja lamoyolo. Milomo inalimbana kanthawi.

"La... lifupi."

Theka la pakamwa pawo linaseka. Ndinapemphera ziganizo zitatu. Sindinapempherepo movutika chotero chibadwire.

Tsopano tinagawana masiku. Tembo Loweruka ndi Lolemba, ine Lachitatu ndi Lachisanu. Nkhani ya Tembo ya Mgonero ndinaibwezera ku bwalo la akulu. Akuluwo anandikumbutsa kuti ndine ndinaiyambitsa. Ndinati ndikukumbuka. Sinathebe, ndipo iye mowa sanasiyiretu.

Jekete ndinasoka ndekha, ndi ulusi wosafanana. Ku tchalitchi ndimapempherabe motalika. Munthu wa zaka zanga sasintha zonse, ndipo amayi amakhazikabe makanda awo. Koma ku Chelstone madzi ndiwo amayamba. Pemphero limabwera pambuyo, ndipo a Zulu akangokoka mkono wanga ndimati Ameni pomwepo, ngakhale Aisraeli ndiwasiye pakati pa nyanja.